Kusudzula a Lameki

Joni
9 Juni 2023

Okondedwa amalume a Benedicto,

Moni kwa inu ndi onse pamudzi. Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye ayi. Mpaka lero sindikukhulupirira kuti amayi munawaika m'manda ine ndili kuno, ndikuchapa zovala za eni ake. Vuto langa mukulidziwa: mapepala anga anatha kalekale, ndikangodutsa pachipata andidinda chidindo choti ndisadzapondenso dziko lino. Ndinalira ndekha kubafa, mpopi nditautsegula kuti abwana asamve.

Ndalemba kalata chifukwa foni ya kumudziko mukuidziwa. Ukati uimbe, yagwira netiweki ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha usanamalize n'komwe moni. Ndiponso ababa makutu anapita, pafoni amangoti "eya, eya" ngakhale uwafunse dzina lawo. Kalatayi ndapatsira a Hussaini, aja a golosale pa Kamwendo, amene amabwera kuno ndi lole kudzatenga katundu. Yankho mukasiye kusitolo kwawo.

Nkhani yanga ndi ya ababa. Mlongo wanga Eneya wandiuza kuti chichitikire maliro sakudya bwino, kudimba sakupita, kutchalitchi sakupita, angokhala pakhonde ndi malaya omwe aja. Akuti akudikira kuti mwambo uthe. Amalume, munthu wa zaka 81 adikire mpaka chaka chamawa? Adzafika? Inu ndinu mwini mbumba, chonde musachedwetse zinthu. Ngati ndi kumeta, metani. Ngati ndi kusudzula, asudzuleni msanga amasuke, ayambenso kuyenda ngati anzawo. Ine zamiyambozi sindizidziwa bwino, ndinachoka ndili mtsikana, koma ndikudziwa kuti chisoni chongokhala nacho pansi chimapha.

Ndatumiza bulangeti lofiira ndi juzi, zimenezo ndi za ababa. Shuga ndi sopo mugawane. Mundiuze mmene zayendera.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Esitele

*

Kapondo, Mchinji
21 Julayi 2023

Wokondedwa Esitele,

Landira moni wochokera kwa ine ndi mbumba yonse. Kuno tadzuka, kungoti mawondo ndi chifuwa cha mwezi uno. Katundu tinalandira. Shuga anachepa poyerekeza ndi kukula kwa mbumba, komabe tathokoza.

Zimene unapempha tachita, ndipo tachita mwaulemu wake. Loweruka lapitali tinasonkhana. Kuchimuna kunavuta kupeza munthu, paja mlamu wathu a Lameki kwawo ndi kutsidya, ku Zambia, ndipo chibwerere kuno mu 1966 kudzakwatira amayi ako, anangopitako kawiri kapena katatu. Koma tinafufuza mpaka tinapeza mdzukulu wa mlongo wawo, dzina lake Maliko, amene amadutsa kuno ndi njinga pogula nyemba. Ameneyo ndiye anaimira kwawo.

Tinawathokoza a Lameki pamaso pa anthu kuti anatisungira mlongo wathu zaka 57 osamukwezera dzanja. Tinapereka nkhuku, n'kuwauza kuti ukwati watha, amasuka. Panalibe phokoso ngakhale pang'ono. Anthu anayamikira kuti kwa a Banda zinthu amazidziwa.

Za nyumba usade nkhawa. Nyumba yopanda mkazi imadyedwa ndi chiswe. Mng'ono wako Princess, mwana wa amayi ako aang'ono, wakwatiwa posachedwa ndi mnyamata wina dzina lake Innocent, ndipo alowamo kuti aziisamalira. Dimba nalonso lili m'manja abwino.

Tsopano nkhani ya feteleza. Chaka chino mtengo wake ukuchititsa chizungulire. Ngati Mulungu wakukumbukira kumeneko, nawe utikumbukireko matumba awiri mvula isanagwe.

Ndine malume wako,
B. Banda

*

Joni
14 Ogasiti 2023

Ababa anga a Mbewe,

Muli bwanji? Mwana wanu kuno ndili bwino. Princess akuwerengereni kalatayi mokweza, chakukhutu lakumanja, lomwe limamvako pang'ono lija.

Amalume andilembera kuti mwambo unatha. Mtima wanga wakhala pansi. Tsopano vulani malaya aja achapidwe, mupite kudimba mukaone tomato wanu, Lamlungu mukakhale pabenchi lanu lakutsogolo. Amayi sakanakondwa kukuonani mukufota pakhonde.

Iwe Princess, poti ndiwe ukuwerenga, imva. Wachita bwino kulowa m'nyumbamo kuti uzisamalira ababa, Mulungu akudalitse pamodzi ndi amuna ako. Phala lawo lisamalimbe, mano anatha. Tiyi amamwa wotentha kwambiri, akazirala amangomuyang'ana. Akakana kusamba usawakakamize, uwauze kuti madzi atenthedwa kale ndipo nkhuni zapita pachabe, adzuka okha. Ndikutumizira chitenje a Hussaini akamabweranso.

Ababa, kuno ndimasamalira gogo wina wachizungu wa zaka 88. Ndimamusambitsa, kumudyetsa, kumuwenga zikhadabo. Tsiku lililonse ndikagwira phazi lake ndimaganiza za mapazi anu ong'alukang'aluka aja. Bulangeti likufunda? Juzi inakukwanani? Mundiyankhe, ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Nambewe

*

Kamwendo
24 Sepitembala 2023

Achemwali,

Moni. Ife kuno tilipo, ana ali bwino. Sindichulukitsa moni.

Dzulo ndinapita kwa a Hussaini kukagula mchere, ndipo anandipatsa kalata yanu yopita kwa ababa. Yakhala pashelefu milungu isanu, palibe anabwera kudzaitenga. Ndaitsegula, mundikhululukire. Nditawerenga za phala ndi tiyi ndinakhala pansi pakhonde la sitolo, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire.

Achemwali, kodi mumadziwa chimene mumapempha? Kusudzula mkamwini si kumuvula malaya a maliro ayi. Ndi kumuuza kuti ntchito yako pamudzi pano yatha, nyamuka, bwerera kwanu. Amalume akhala akuiyang'ana nyumba ya malata ija ndi dimba kuyambira amayi ali chigonere. Chinkawamanga ndi manyazi okha, poti ana tilipo. Ndiye kalata yanu inabwera. Anaiwerenga pamaso pa anthu, kawiri, akugogoda ndi chala pamene munalemba kuti "asudzuleni msanga."

Patatha masiku atatu ababa anawakweza pa njinga ya Maliko. Katundu wawo anali bulangeti lanu lofiira, Baibulo, khasu ndi kasemasema. Zaka 57, katundu wokwana pakaliyala! Kutsidyako anakapeza chiyani? Mlongo wawo anamwalira kalekale, anzawo onse ali kumanda, ana a kumeneko amawatchula kuti agogo a ku Malawi. Mkazi wa Maliko anawayalira kukhitchini, pamodzi ndi nkhuku. Anapirira milungu itatu. Kenako anadzuka m'mawa wina n'kuyamba kuyenda wapansi, masiku awiri, mpaka anafika.

Atafika pakhomo pawo, Princess anaima pachitseko n'kunena kuti, "Amalume anati musalowe." Pachitseko chimene ababa anapala okha ndi manja awo.

Pano akugona m'chigafa cha fodya cha a Cyprian Sakala, aja a gulu la okalamba. Chigafa mukuchidziwa, denga lokha, zipupa palibe.

Mufunsa kuti iwe unali kuti. Ndinapita kwa amalume. Anandiyankha kuti, "Iwe ndiwe mkamwini wa eni, kalankhule kwa akazi ako." Ndinapempha apongozi anga kuno kuti ababa adzakhale nafe. Anandiseka, amvekere, "Unaona kuti mkamwini akubwera ndi bambo ake?" Ndiye ndinangoisiya nkhaniyo, manyazi. Kukuuzani pafoni ndinalephera. Koma kunena zoona, achemwali, ndinakukwiyiraninso. Munthu sulamula mwambo umene sukuudziwa uli kutali.

Ndine,
Eneya

*

Joni
10 Okutobala 2023

Amalume,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anandiphunzitsa ulemu, osati chifukwa ndikufuna kudziwa za mawondo anu.

Eneya wandiuza zonse. Zoona, amalume? Zoona? Munandilembera kalata yodzaza tsamba, munakumbukira kudandaula za shuga, munakumbukira feteleza, koma munaiwala kamzere kamodzi kokha koti bambo ako tawakweza panjinga? "Panalibe phokoso." Phokoso likanachokera kuti? Munthu wosamva, woferedwa, wopanda m'bale, mwamuzungulira mbumba yonse, akanakuwa kwa yani?

Tiyeni tikumbutsane, poti mwaiwala msanga. Njerwa za nyumba imeneyo anaumba ndani? Pamene dimbalo linali dambo la njoka, anazula mabango ndani? Chitsime chimene mukumwa lero anakumba ndani? Chaka cha njala chija, ana anu atatupa mapazi, nkhokwe inatsegulidwa inali ya yani? Inuyo amalume, mutathyoka mwendo ku esiteti, anakuberekani kumsana mpaka kumsewu ndi munthu yemweyo. Nthawi imeneyo sanali mlendo. Wakhala mlendo lero poti msana wapindika ndipo mlongo wanu sangathenso kumuyankhira.

Ine ndinalakwa, ndikuvomera. Ndinalemba mawu amene sindinkadziwa kulemera kwake, ndipo ndidzafa nawo mawu amenewo. Koma inu mumadziwa kuti sindikudziwa. Ndinalemba poyera kuti zamiyambo sindizidziwa bwino. Munthu wamkulu akanandiyankha kuti, mwanawe, chimene ukupemphachi tanthauzo lake ndi ili, ukufunadi? Inu munangoti laponda lamphawi, n'kuthamanga nayo kalata kukaiwerenga pabwalo.

Ndipo musandinamize kuti mwambo umalamula. A Zuze aja anasudzulidwa ine ndili kusukulu, anakhala pamudzi pomwepo mpaka imfa, akudya kwa ana awo. Kungoti nyumba ya a Zuze inali yaudzu, palibe anaisirira.

Princess atuluke. Ababa abwerere m'nyumba mwawo sabata ino. Feteleza musamudikire, sabwera. Chitenje ndinamulonjeza Princess chija ndapatsa mnzanga wa ku Zimbabwe.

Esitele

*

Kapondo, Mchinji
29 Okutobala 2023

Esitele,

Moni. Kalata yako ndalandira, ndipo ndaona kuti ku Joni ulemu ndi wodula kuposa feteleza.

Sindikangana ndi mwana. Ndingokukumbutsa kuti sindine ndinayambitsa. Pempho linachokera kwa iwe, lolembedwa ndi dzanja lako, ndipo kalatayo ndaisunga m'Baibulo. Ukanafuna kuti bambo ako asungidwe, ukanabwera kudzawasunga. Amayi ako anadwala miyezi isanu ndi iwiri. Anawatembenuza pamphasa ndi Princess yemwe ukumunyozayo, iwe uli kumeneko kusambitsa amayi a azungu. Lero ndiye wadziwa kulamula?

Mlendo ndi mame, mwanawe. A Lameki anabwera kudzakwatira, sanabwere ndi dothi m'thumba. Malo ndi a mbumba, ndipo mbumba ikukula. Atsikana akukwatiwa, ndiwaike kuti? Pamutu panga?

Chinanso, uwauze anzako a gulu la okalamba asiye zimene ayambazi. Akutichititsa manyazi pamudzi.

B. Banda

*

Gulu la Okalamba la Tisungane
Kapondo
13 Novembala 2023

Mayi Esitele Mbewe,

Tikupereka moni m'dzina la gulu. Muli bwanji kumeneko? Ife kuno tili moyo, zina zonse ndi za ukalamba.

Ine ndine Cyprian Sakala, mlembi wa gulu. Simungandikumbuke, koma ine ndimakukumbukirani muli ndi mamina. Ndinali kalaliki ku esiteti ya fodya zaka 30, choncho ndimalemba zinthu mmene zilili. Gulu lathu lili ndi anthu 23, wamng'ono pa tonse ali ndi zaka 68. Timakumana Lachitatu. Timafolerana nyumba, kulimirana, kuperekezana kuchipatala. Mwa amuna khumi a m'gululi, asanu ndi atatu ndife akamwini. Ndiye nkhani ya bambo anu sitinaimve ngati ya mnzathu, tinaimva ngati yathu.

Poyamba tinapita kwa a Banda mwaulemu, katatu. Anati ndi za pabanja. Tinakadandaula kwina ndi kwina, kulikonse yankho n'lomwelo, za pabanja. Ndiye mayi wina wa m'gulu mwathu, a Nasimango, anati, "Paja ife mphamvu tilibe, koma kukhala pansi timatha."

Lolemba m'mawa tinapita tonse 23 kukacheza kwa Princess. Kucheza basi, kodi n'kulakwa? Tinati odi, tinakhala pakhonde ndi pabwalo. Amayi anabwera ndi mikeka yawo yoluka, abambo ndi mipini yosema. Tsono inu mukudziwa, akuluakulu akabwera pakhomo sungawathamangitse. Mwana uja anagwada n'kupereka moni kwa mmodzimmodzi, anthu 23, aliyense n'kumufotokozera bwinobwino za msana wake. Anatunga madzi akumwa. Dzuwa litafika pamutu anayang'ana uku ndi uku, ife phee, osasuntha. Anaphika. Tinadya, tinathokoza, tinatsanzika madzulo. Lachiwiri tinabweranso.

Sitinatukwane munthu, sitinatchule n'komwe za nyumba. A Lameki tinkawakhazika pakati, pampando wawo womwe uja. Tsiku lachinayi ufa unatha, Princess anakabwereka kwa a Banda. Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Banda anabwera maso ali psuu, kudzatifunsa chimene tikufuna. A Nasimango anati, "Tikucheza ndi mdzukulu wathu. Khalani pansi, a Banda, nanunso zaka zakwana, tikulembeni m'gulu." Anachoka osatsanzika.

Amene anatha nkhani ndi Innocent. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamuitana kuti andigwirire mpini. Ndinamufunsa kwawo, anati ku Dowa. Ndinati, "Wayamba kale kuumba njerwa zowonjezera chipinda, ndaona. Umba zolimba, mwana wanga, wodzalowamo iwe atakukweza panjinga adzakuthokoze." Anayang'ana a Lameki nthawi yaitali. M'mawa mwake anatulutsa katundu wake yense n'kukalowa m'kanyumba kaudzu ka apongozi ake. Princess analira, koma anamutsatira.

Musafulumire kusangalala. Tsiku lomwelo a Banda anakhoma loko pachitseko. Akuti nyumba ndi ya mwana wamkazi wa malemu, ndiye kuti inuyo, ndipo adzapereka kiyi m'manja mwanu basi. Ndinati Esitele alembe kalata yololeza. Anati, "Ndinamvera kalata yake kamodzi, ndinatukwanidwa. Za makalata ndinasiya." Apa ndiye atigwira, pakuti pamwambo akunena zoona, ndipo ife kuthyola loko wa eni sitingathe.

Tsono mayi, mundilole ndikulankhuleni ngati bambo. Mvula yagwa kale kawiri. Chigafa changa tachitchinga ndi mapesi ndi mapepala apulasitiki, koma mphepo ikabwera cham'mbali bulangeti lija limanyowa. Akutsokomola. M'nyumba mwanga ndi chipinda chimodzi, ndinawapempha kuti tizigona limodzi, anakana, akuti sangalowe pakati pa ine ndi akazi anga. Amayi a m'gulu akusinthana kuwapatsa chakudya. Tichita zimenezi mpaka pamene tingathe. Koma ife ndife anzawo, si ife ana awo. Ana amatitumizira mabulangeti, timathokoza, koma bulangeti silitsegula chitseko.

Ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo anena mawu awa, ndalemba monga anenera: "Muuzeni Nambewe asabwere, angataye ntchito. Asadziimbe mlandu, iye ankafuna kuti ndisambe. Ine kuno ndazolowera, ndipo pali pafupi ndi pamene agona amayi ake."

Ndalemba poti anandituma. Koma ine Sakala ndikuti bwerani.

C. Sakala, Mlembi

*

Kapondo
18 Disembala 2023

Eneya,

Moni kwa iwe, alamu ndi ana. Ndamva kuti unapita ku Kasungu kukagwira ganyu ya fodya, ndiye kalatayi ndasiya kwa a Hussaini, uipeza pobwera. Ndili kumudzi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Kalata ya a Sakala ndinaiwerenga nditaimirira, ndipo sabata yomweyo ndinatsanzika. Gogo wanga wachizungu anandigwira dzanja osafuna kulisiya, mwana wake amvekere ndikuwonjezera malipiro. Ndinati ayi, nanenso ndili ndi wanga. Pachipata anandidinda chidindo chija, zaka zisanu osabwererako. Ntchito yapita, Eneya. Za mawa usandifunse, sindikudziwa.

Ndinatsika pa Kamwendo Lamlungu, n'kukwera kabaza mpaka kuno. Ndinayambira kuchigafa. Mayo ine! Eneya, unandiuza, koma sunandiuze. Munthu uja watha, juzi ndinatumiza ija ikungolendewera ngati yapachingwe. Anandiyang'ana, amvekere, "Nambewe, ndinati usabwere."

Kwa amalume sindinapiteko. Kiyi wa chiyani? Ndikagwade, ndipereke moni, ndipemphe kiyi wa nyumba ya amayi anga? Ndinabwereka nkhwangwa kwa a Sakala, masana dzuwa likuswa mtengo, gulu lonse la okalamba lili pambuyo panga ndi ndodo zawo. Kumenya kawiri kokha, loko uja anagwa. A Nasimango analuluta mpaka kutsokomola. Amalume anaima patali pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo. Ndinawayang'ana, ndimvekere mumtima, yankhulani tione. Mpaka lero sitinapatsane moni. Princess ndiye anabwera yekha madzulo ndi tsache, tinasesa limodzi. Ameneyo ndamukhululukira, anasamalira amayi.

Ndiye unganene kuti tapambana. Inenso ndinkatero. Ndinakolopa, ndinayala bedi la ababa, ndinabweza mpando wawo pamalo pake, n'kutuma a Sakala kuti akawatenge. Anabwera pang'onopang'ono, bulangeti paphewa, Baibulo kukhwapa. Ine ndili m'kati, chitseko chili chotsegula. Anafika pakhonde, anaima. Anavula chipewa. Kenako ndinamva, "Odi."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Ndinati, "Ababa, odi wa chiyani pakhomo panu?" Sanaseke. Anangoima pomwepo, chipewa m'manja, mpaka ndinati lowani. Atalowa sanakhale pampando wawo, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndinachita kuwadzutsa.

Ndinkati ndi za tsiku loyamba, zitha. Sizikutha, Eneya. Akudya, chifuwa chikuchepa, dzulo anasamba osakakamizidwa. Koma akafuna kupita kudimba amandipempha. Dzana anandifunsa ngati angathyoleko tomato awiri, tomato wa m'dimba limene anazula okha mabango! Ndinakalipa, ndinati zonsezi ndi zanu, mwamva? Ndinakuwira kukhutu lakumanja kuti amve bwino. Anagwedeza mutu, amvekere, "Eya, eya. Zikomo, amayi, pondisunga."

Ndakwiya, Eneya, ndakwiya. Loko ndinathyola, koma ichi ndichithyola ndi chiyani? A Sakala akuti ndiwapatse nthawi. Nthawi yake iti, munthu wa zaka 81?

Ukabwera ku Kasungu udzafike kuno, usadzachite manyazi. Udzabwere ndi misomali, chitseko ndinachiwononga pang'ono.

Ndilekeze pano. Anapita kuseri kukasamba m'manja, ndipo ndikuwamva abwera, aima pakhonde. Akudikira kuti ndiwayankhe.

Mlongo wako,
Esitele